Mutu umodzi susenza denga, nanga manja okha?

Akuluakulu ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankaganiza za nkhokwe. Koma mwambiwu akanaupachika pageti la bwalo lililonse la baseball ku America, anyamata ambiri akanaleka kudzizunza ndi zitsulo zotupitsa mikono.

Woonerera amaganiza kuti mpira umauluka chifukwa cha manja a womenya. Ayi ndithu. Woponya amaima mamita 18.4 kuchokera pomwe pali womenya, ndipo mpira wothamanga makilomita 150 pa ola umafika theka la sekondi lisanakwane. Manja okha angapangepo chiyani pamenepa?

Ntchito imayambira pansi. Womenya amatsamiritsa thupi pamwendo wakumbuyo, n'kuponda kutsogolo, mwendo wakutsogolowo n'kuuma gwa! Apo chiuno chimayamba kutembenuka mapewa akadali m'mbuyo, minofu ya pamimba ndi m'nthiti n'kukokeka. Ikamabwerera imakoka chifuwa, chifuwa chimakoka mikono, chibonga chomenyera mpira n'kutulukira pamapeto penipeni chili pa liwiro loopsa. Mapewa akangopupuluma n'kunyamukira limodzi ndi chiuno, basi denga lagwa, kampira kamangogubuduzika pafupi pomwepo. Manja ali ngati bwana uja wofika mochedwa kudzadula riboni: thukuta akhetsa ena, pachithunzi n'kutulukapo iye.

Ted Williams wa Boston Red Sox, yemwe mu 1941 ankamenya bwino maulendo anayi pa khumi alionse, ankalimbikira chomwechi, kuti chiuno chitsogole, manja atsatire. Babe Ruth anali ndi mimba yoti dokotala akanaikalipira, koma anatulutsa mipira kunja kwa mpanda wa bwalo maulendo 714. Ku Japan, Sadaharu Oh ankadikira mpira ataima ndi mwendo umodzi, winawo ataukweza m'mwamba, n'cholinga choti thupi lonse ligwere kutsogolo pa nthawi yake. Musamuseke, mipira yake yodumpha mpanda inakwana 868.

Ndisawanyoze kwambiri manjawa, poti ndi omwe amalozetsa chibonga pomwe mpira ukudutsa. Koma chibonga chikakhudzana ndi mpira, zonse zimatha m'kanthawi kochepetsetsa moti kufinyitsa zala sikuwonjezera kanthu. Mu 2012, Todd Frazier wa Cincinnati Reds anazungulitsa chibonga mpaka chinamupulumuka m'manja pomwe chinkakumana ndi mpira. Mpirawo unadumphabe mpanda, ndipo anamuwerengera ndithu.