Papsa tonola, a McVicar

Masiku ano mwambi wa papsa tonola, sudziwa mtima wa moto ukuoneka ngati watha ntchito. Mukangotsegula foni mupeza mnyamata wa suti yothina akulalikira pa Facebook kuti musamavomere mtengo woyamba, ndinu odula, wokufunani abweranso yekha. Uthengawu wachuluka mwezi uno moti munthu ungayambe kuganiza kuti agogo athu anali amantha chabe. Alaliki amenewa ndikanakonda kuwatengera ku Canada, m'chigawo cha Manitoba, akaone tauni ya Grand Valley. Chovuta n'chakuti tikafika sakapeza tauni yoti aone.

Mu 1881 Grand Valley kanali kamudzi ka atsamunda m'mbali mwa mtsinje wa Assiniboine, pakati pa chidikha chachikulu cha udzu chimene lero ndi minda ya tirigu. Panali positi ofesi, timasitolo ndi dooko la sitima zapamadzi. Malowo anali m'manja mwa abale awiri, John ndi Dougald McVicar. Chaka chimenecho kampani ya Canadian Pacific Railway inkayala njanji kuchokera ku Winnipeg kulowera kumadzulo. Sitima za nthunzi zinkafuna siteshoni yaikulu pa makilomita pafupifupi 200 alionse, posinthira injini ndi oyendetsa, pothirira madzi ndi malasha, ndipo pamene pagwa siteshoni yotere pankamera tauni. Mtunda wochokera ku Winnipeg unkathera ndendende pakhomo pa a McVicar, pomwenso njanji inayenera kuwolokera mtsinje. Chimanga chinali chitapsa mbali zonse.

Wodzakamba mtengo anali Thomas Rosser, injiniya wamkulu wa kampaniyo, munthu amene anakhalapo mkulu wa asilikali a pahatchi kumbali ya kummwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Nkhani imene imasimbidwa kumeneko mpaka lero ndi yakuti iye anatchula madola 25,000. A McVicar anapatuka kukafunsa nzeru kwa anzawo. Anzawowo ndimawaona m'maganizo, atawakokera kuseri kwa sitolo, wina akuwagwira paphewa: achimwene, musachite phuma, njanji ilibe kwina kodzera. Anabwerako ndi mtengo wa madola 50,000.

Rosser sananenerere. Akuti anangolumbira kuti pamenepo sipadzakhala tauni ya mtundu uliwonse, n'kuwoloka mtsinje, n'kukakhoma zikhomo pamtunda, makilomita ngati atatu kumadzulo. Munali mu Meyi. Mahema anayamba kuphuka, mapuloti n'kumagulidwa m'mawa kugulitsidwa madzulo. Mu Juni, ngati kuti nawonso mtsinje unali pa malipiro a kampani, Assiniboine anasefukira n'kumiza Grand Valley, mahema a pamtunda aja ali gwa. Mu Okutobala sitima yoyamba ya anthu inafika pamalo atsopanowo, otchedwa Brandon, ndipo pofika Meyi 1882 anali atalembedwa kale kuti ndi mzinda, osadzera n'komwe pa udindo wa mudzi kapena tauni. Lero Brandon ndi mzinda wachiwiri pa kukula m'Manitoba, wa anthu oposa 50,000, ndipo msewu waukulu wa pakati pake ndi Rosser Avenue. Ku Grand Valley sitima inkangodutsa ikuliza wezulo, osaima. Amalonda analongedza mmodzimmodzi n'kulondola siteshoni.

Apa mwambi wapambana, ndipo ndikanatha kusiyira pomwepa alaliki a suti aja akudzikanda m'mutu. Koma a McVicar ndimawamvera chisoni, chifukwa masamu awo sanali olakwika. Malo a tauni ya njanji analidi odula kuposa madola 50,000. Komanso taonani amene ankadandaula za mtengo: kampani imene boma la Canada linali litailonjeza madola 25 miliyoni ndi maekala 25 miliyoni a nthaka, kuwonjezera apo n'kuletsa kwa zaka 20 kuti njanji ina yopikisana nayo isamangidwe kummwera kwake. Wolandira zonsezo ndiye anakwiya kuti mlimi wachulutsa dyera. Nzeru ya kukana mtengo woyamba imagwira pamene ogula ali awiri. Wogula akakhala mmodzi, ndipo n'kukhala yemweyo wojambula mapu, kuumirira kwanu kumangomuthandiza kusuntha cholembera pang'ono. Ndikaganizira bwino, mwambiwu unapekedwa ndi anthu odziwa kuti moto si wawo, ndipo ankalangiza anzawo amene motowo si wawonso.

Ndipo tikati chimanga cha a McVicar tikunama pang'ono. Dera limenelo linali la eni nthaka, a Ojibwe, a Cree ndi ena, ndipo linalowa m'manja mwa boma kudzera m'pangano la 1871 lotchedwa Treaty 2. Iwowo pokambirana za 25,000 ndi 50,000 palibe anawakokera kuseri kwa sitolo.

Nanga Rosser? Ameneyo ndiye anaumvera mwambi mopyola muyezo. Ankadziwa kumene njanji idzadzere aliyense asanadziwe, ndipo ankatonola paliponse papsa, kudzipezera phindu lake pa malo a matauni amene iye mwini ankasankha. Kumayambiriro kwa 1882 bwana watsopano wa kampaniyo, William Van Horne, anamuchotsa ntchito pa chifukwa chomwecho. Wokana kutonola anatsala ndi matope, wotonola kwambiri anatsala ndi dzina la msewu. Pa awiriwa sindidziwa amene mnyamata wa pa Facebook angamuike pa chithunzi.

Brandon nayenso moto sunamusiye bwino. Mu Januwale 1990 boma litadula ndalama za sitima za anthu, sitima yodutsa dziko lonse inachotsedwa pa njanji ya Canadian Pacific n'kusiyidwa pa njanji ina ya kumpoto. Mzinda wobadwa ndi siteshoni unatsala wopanda sitima yokwera anthu. Wofuna kukwera lero amayenda pa galimoto makilomita ngati 40 kupita ku katauni ka Rivers, kumene sitimayo imadutsa kawiri pa sabata mbali iliyonse, ndipo kawirikawiri imachedwa chifukwa imapatukira kaye sitima za katundu kuti zidutse.