Phingo wa polishi ku Chintheche

Alamu anga atabwera kuchokera ku Glasgow, ankafunitsitsa kuona Bandawe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 atachoka ku Cape Maclear. Tinayendera tchalitchi chakale ndi manda a amishonale. Pobwerera ku Chintheche anati akufuna thabwa la bawo la phingo loti akaphunzitsirepo ana awo.

"Alamu, zogulazi mundisiyire ine," ndinatero. "Inu akakuonani akweza mtengo."

M'mbali mwa msewu wa M5 tinapeza bambo wachikulire akusema pansi pa mtengo wa mango, kasemasema ali m'manja. Anatipatsa thabwa lakuda, lolemera, lokhala ndi kamzere koyera m'mphepete. Atatchula mtengo ndinapukusa mutu n'kunena theka lake.

"Mwanawe, phingo salola kuthamangira," anatero. "Maenje 32 amenewa ndakumba ndi manja angawa."

Sindinamve. Ndinawakoka alamu kupita kugombe, kumene mnyamata wina anatitulutsira thabwa lakuda bii, lonyezimira, pa mtengo wotsika kwambiri. Ndinalipira msangamsanga, alamu n'kulikulunga mu shati yawo yoyera.

Dzuwa la kunyanja silinachedwe kuulula. Tikufika ku Nkhata Bay, shati ija inali mawanga okhaokha, galimoto yonse ikununkha polishi wa nsapato. Nditakanda ndi chala pansi pa thabwalo, panaoneka mtengo woyera wofewa. Alamu sanandidzudzule, anangopinda shati yawo. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinanyoza thukuta la mmisiri woona mtima pamaso pa mlendo.

M'mawa mwake tinabwerera kukapepesa. Bambo aja anatilandira bwino, koma thabwa lija linali litagulidwa kale. Anatikhazika pansi n'kutiphunzitsa. Phingo weniweni amalemera moti amamira m'madzi. Mtima wake ndiwo wakuda, kunja kwake n'koyera, ndiye kamzere koyera kaja kanali umboni wake. Ukamupukuta ndi kansalu koyera sasiya utoto. Anatinso mtengowu umakula pang'onopang'ono ndipo ukusowa, n'chifukwa chake amisiri ambiri amasema mlombwa ndi m'bawa, mitengo yabwino yosafunika kuibisa ndi polishi. Alamu anagula la mlombwa pa mtengo umene bambowo anatchula.

Inu amene mukubwera ku Chintheche, kapena mukuperekeza mlendo, gulani kwa munthu amene mwamuona akusema. Mufunseni dzina la mtengo, nyamulani chosemacho, chipukuteni. Tengani ndalama zing'onozing'ono, chifukwa chenji imavuta kugombe. Wina akakunong'onezani za mnyanga wa njovu, chokanipo, ndi mlandu wopita nawo kundende. Kunenerera si kulakwa, koma nenererani mwaulemu, ndipo mmisiri akakuuzani kuti apa ndafika, mulipireni.