Ndinasiya mbuzi n'kutenga Jim Reeves

Malume atatisiya, abale anzanga anagawana njinga, malata ndi mbuzi. Ine, poti ndimadzitcha wozindikira, ndinasankha katoni ya mbale za nyimbo zimene malemuwo anabwera nazo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela. Munali Jim Reeves, munali Mahlathini ndi Mahotella Queens, munalinso mphemvu ziwiri zomwe zinkaoneka kuti ulendowo zinayenda nawo. Ndinazindikira nditafika kale kunyumba kuti mbuzi imalira yokha, pamene mbale imafuna galamafoni.

Ndinayamba ndi kufufuza mitengo ya magalamafoni pa intaneti. Ka Audio-Technica AT-LP60, kamene odziwa amati ndi ka anthu ongoyamba kumene, nditakawerengera m'makwacha ndinapeza kuti ineyo poyambira penipenipo sindinafikepo. Technics SL-1200, yomwe inatuluka mu 1972 ndipo ma DJ amaigwadira mpaka lero, ndinangoisirira pachithunzi mpaka bandulo inatha.

Basi, ulendo wa kumsika. Pakati pa masimbi akufa ndi ma rimoti amasiye ndinaipeza galamafoni, itafunda fumbi ngati yachokera kudambwe.

"Bigi, iyi ndi yamoyo," anatero mnyamata wogulitsa. "Ikungofuna kuikhudza pang'ono."

Nditati tiiyese, anandiuza mwachisoni kuti magetsi angothima kumene. Ndinanenerera mtengo mpaka thukuta, iye n'kuvomera msanga. Kufulumira kwakeko kunayenera kundichenjeza.

"Bambo a Chisomo, mwayamba geni ya tchipisi? Chiwaya ichi n'cha chiyani?" Awo ndi mayi akunyumba, pondilandira.

Ndinawauza kuti akhale pansi amve chikhalidwe. Mbale inazungulira, koma mwaulesi ngati mwana wotumidwa kuchigayo. Amayi onse a Mahotella Queens anayimba ndi mawu a Mahlathini, pomwe Mahlathini mwini wake ankamveka ngati ng'ombe yagwera m'chitsime. Mkulu wina wokonza mawailesi anandifotokozera kuti mbale yaikulu iyenera kuzungulira maulendo 33 ndi kachidutswa pa mphindi, yaing'ono maulendo 45, ndipo lamba wochokera ku mota akakhwepa, oyimba onse amakalamba. Lamba watsopano analibe. Ndinadula chubu cha njinga ngati ndikupanga legeni. Jim Reeves, bambo amene anamwalira mu 1964 ulemu wake uli wonse, anayamba kuyimba modzandira ngati wachokera ku kachasu.

Kenako singano. Inali yobuntha, ikudumpha mizere, nthawi zina n'kukakamira liwu limodzi ngati wangongole pakhomo. Apa ndinakumbukira nzeru ya malume pa gumbagumba: kusanjika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono wonyamula singano. Ndinaika K10. Itapitiriza kudumpha, ndinawonjezera ina. Kudumpha kunatheratu, ine n'kuyamba kuyenda m'nyumba manja kumbuyo ngati injiniya. Wokonza uja atamva anagwira kukamwa. Akuti singano yamtundu umenewu imafuna kulemera kwa magalamu awiri kapena atatu basi, ndiye zimene ndinkachitazo kunali kulima mbale ndi pulawo. Ndi zoona, pa Jim Reeves tsopano pamamveka mvula ya pamalata, mwiniwake akuyimbira chapatali ngati wausa pakhonde la eni.

Ndinagula singano ina. Nditalumikiza ku sipika yaikulu ya mlamu wanga, mawu anatuluka ngati a udzudzu, kusonyeza kuti pakufunikanso kabokosi kokweza mawu kotchedwa preamp. Ndinagulanso. Mayi a Chisomo amalemba zonsezi kuseri kwa kalendala, ndipo Lachiwiri anandionetsa kuti galamafoni yanga yotchipa yadya kale ndalama ya ndiwo ya miyezi iwiri.

Dzulo msuweni wanga anaimba foni kuti mbuzi ija yabereka mapasa. Ndinayamba ndamufunsa za moyo wa ana ndi mvula ya kumudzi, kenako ndinatsitsa mawu n'kunena kuti mwina tingasinthane, poti mbalezi ndi chuma cha banja lonse. Anakhala chete kanthawi, n'kundifunsa ngati nazonso zili ndi bere.