Mapanga awiri avumbwitsa

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinavumbwa ndili m'nyumba, denga lisakudontha.

Zinayamba ndi foni ya mayi akunyumba, yomwe inadzaza. Zithunzi zathu zonse, za chinkhoswe, za ukwati, za ana akukwawa, zinali pa disiki imodzi yokalamba. Ndinati pakhomo pano pakufunika nkhokwe, makina osunga mafayilo oti aliyense azitapamo pa Wi-Fi.

Phanga loyamba linali kugula kabokosi kopangiratu, kotchedwa NAS, ka Synology kapena QNAP, makampani a ku Taiwan. Mumangolowetsamo madisiki awiri, kulumikiza ku rauta, basi. Koma madisikiwo mumagula padera. Kukugulitsani mbale yokongola, nsima mukaonere nokha.

Phanga lachiwiri linali pansi pa bedi: kompyuta yakale yomwe ndakhala ndikukana kutaya. Mapulogalamu oisandutsa nkhokwe, TrueNAS ndi OpenMediaVault, ndi aulere, ndipo munthu ngati ine akamva mawu oti "ulere" nzeru zimathawira kuzidendene. Ndinaipukuta fumbi, ndinachotsamo mphemvu ziwiri zouma, n'kuyatsa. Fani yake inayamba kulira.

"Kodi bambo, mwatsegula chigayo kuchipinda kuno?" anafunsa mayi akunyumba.

Ndinawauza kuti ndi seva. Iwo anapita kukaona mita. Anali ndi mfundo: makina akudya mawati 60 usana ndi usiku amatha mayunitsi 43 pamwezi, osaphika ngakhale tiyi. Kabokosi kaja sikafika ndi theka lomwe.

Ndiye kuthamanga kunayamba. Lolemba ndigula. Lachitatu ayi, mwamuna amamanga yekha. Lachisanu ndili pa YouTube mpaka tambala woyamba, kuphunzira za ZFS, njira ina yosungira mafayilo, bando ikupsa. Mwezi wathunthu, zithunzi zili pa disiki yomwe ija. Tsiku lina magetsi anathima ndikuigwiritsa ntchito, atayakanso disiki inangoti kete, kete, kenako zii.

Chondiwawa n'chakuti anyamata a makompyuta sagwirizana ndi agogo athu. Iwo ati mapanga awiri ndi ochepa. Lamulo lawo ndi 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kunja kwa nyumba. Ndipo madisiki awiri okoperana aja, omwe amati RAID 1, ndi phanga limodzi la makomo awiri. Mwana akafufuta fayilo, yafufutika konsekonse. Ogula kabokosi nawonso asadzigugude pachifuwa: mu 2022 akuba a pa intaneti a DeadBolt anatseka mafayilo m'mabokosi a QNAP omwe anali otsegukira kunja, n'kumafuna dipo la Bitcoin.

Kabokosi ndinagula, pamodzi ndi UPS, batire yogwirizira magetsi akathima. Chigayo chinabwerera pansi pa bedi. Zithunzi za ukwati tinakazipeza kwa apongozi, mu alubamu ya pulasitiki, mkati mwa sutikesi. Akana kutibwereka.