Ulemu Upite kwa Chitosi

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, oyendetsa galimoto ku Lilongwe amalimbirana mthunzi. Wopeza malo pansi pa mtengo wa mango amatsika akumwetulira, osadziwa kuti khwangwala ali m'mwambamo wamuona kale. Poweruka madzulo amapeza boneti itadindidwa chidindo choyera, ndipo m'malo mothokoza amayamba kutukwana.

Kumeneko n'kusayamika. Chitosi cha mbalame ndi woyesa penti wachilungamo kuposa onse, sichilandira chiphuphu, ndiponso sichiyang'ana nkhope. Prado ya bwana wamkulu ndi ka Vitz kamene kangolowa pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam zimalandira mlingo wofanana.

Luso lake nalo si lamasewera. Mbalame sikodza padera ngati ife. Zonse zimatulukira pamodzi, ndipo choyera chija ndi asidi wotchedwa uric acid. Pamwamba pa penti ya galimoto pali kachikuto kowala, clear coat, kopyapyala kuposa pepala la m'kope, ndipo ndi komweko kamachititsa kuti mwini wake aziyenda mapewa ali m'mwamba. Dzuwa likatentha, kachikutoko kamafewa n'kufufuma pamene chitosi chikuuma gwa. Kukazizira usiku kamalimbanso, koma kalimba motsata makwinya a chitosicho. M'mawa munthu angatsuke bwanji, chithunzi cha mlendoyo chimatsalira, chooneka bwino kwambiri pa galimoto yakuda. Ndi mmisiri uti amene amazokota chosafufutika usiku umodzi, wopanda chida, wopanda malipiro?

Chitosi mayiko anachilemekeza kalekale. Mu 1856 dziko la America linakhazikitsa lamulo lolola nzika zake kutenga zilumba zopanda mwini malinga ngati pali zitosi za mbalame za m'nyanja, poti zinali feteleza wamtengo wapatali. Mu 1864 dziko la Spain linalanda zilumba za Chincha za dziko la Peru, zomwe chuma chake chinali milu ya zitosi, nkhondo n'kubuka. Masiku ano ulemu wake wangosintha malo: mu 2020 kampani ya Ford inaulula kuti akatswiri ake amapanga zitosi zongoyerekeza, n'kuzipopera pa zitsulo zopentedwa, kenako n'kuziwotcha mu uvuni pa madigiri 40, 50 ndi 60. Anthu ophunzira, olandira malipiro mwezi ndi mwezi, kulimbana ndi kukopera chimene pumbwa amachita atangodya mabulosi.

Nanga ntchito zimene chitosi chabweretsa? Kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'zigawo za Piauí ndi Ceará, alimi amadula masamba a mgwalangwa wa carnauba, kuwayanika, n'kuwapuntha kuti phula lake liyoyoke. Phula limeneli silisungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 80, n'chifukwa chake limapezeka m'zitini za polishi wa galimoto. Ntchito yake ndi kudzipereka nsembe: chitosi chidye phulalo, penti ipulumuke. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu laperepeseka, mwini galimoto apitenso kusitolo. Anyamata otsuka galimoto nawonso, ndowa kumanja chisanza paphewa, akaona boneti yamathothomathotho amadziwa kuti ya ndiwo yapezeka. "Tiikweche, bwana?"

Pakukwechapo ndi pamene chitosi chimaonetsa kuti si munthu wamba. Sichifuna kuthamangitsidwa. M'kati mwake mumakhala timchenga ndi njere za zipatso, ndiye wochipala chouma ndi chikhadabo, kapena wochikhula ndi chisanza chomwe changochoka kumatayala, amasiya mizere yoti dzuwa likawala aliyense aziiwerenga. Mwambo wake ndi uwu: kuchifunditsa kansalu konyowa kwa mphindi zingapo, chifewe, kenako n'kuchinyamula mwaulemu osachikwekwereza. Sopo waufa wochapira zovala amachichotsadi, koma amapita nalo limodzi phula lija, n'kusiya penti pambalambanda kudikira mlendo wotsatira. Ofuna kupaka phula latsopano ayambe atsuka ndi shampu wa galimoto, aumitse bwinobwino, apake mopyapyala pamthunzi, kenako apukute ndi nsalu yofewa. Pamthunzi, inde, kumene eni ake a zitosi amakhala.

Anthu andalama tsopano akuthamangira ceramic coating, mankhwala okhala ndi silika amene amauma n'kukhala kachikuto kolimba kotha zaka. Madzi amangogubuduzika, fumbi siligwira kwenikweni, matope amachoka osavuta. Koma ogulitsa ake omwe, akamaliza kutamanda katundu wawo n'kulandira ndalama, amatsitsa mawu n'kuwonjezera kalangizo kamodzi: chitosi chikagwerapo, bwana, musachigoneke.