Malume Akana Kufa

Malume anga a ku Kabwata alengeza kuti sadzafa. Sikuti analengeza ataledzera ayi. Analemba pa gulu lathu la banja pa WhatsApp, Lachiwiri m'mawa, azakhali atangotumiza kumene vesi la tsikulo.

Nkhaniyi inayambira pa Kulima Tower. Malume akudikira kuti minibasi idzaze, kamnyamata kena ka jekete lonyezimira kanawaonetsa botolo la madzi akuda bii. Akuti limachiritsa shuga, BP, nyamakazi, kuiwalaiwala ndi ukalamba womwe. Malume, munthu amene amatha kukangana ndi kondakitala kuchokera m'tauni mpaka ku Kabwata chifukwa cha chenji ya kwacha imodzi, analipira osanenerera n'komwe. "Metusela anafika zaka 969," anatero pa gulupo, "koma analibe ngakhale kiliniki pafupi. Nanga ine ndilephere bwanji?"

Gulu lonse linangoti zii. Woyamba kuyankha anali msuweni wanga wa ku Chelstone, amene wakalambira pa lendi kufupi ndi thanki ya madzi. Iyeyu amayendera malume Lamulungu lililonse, pakamwa akufunsa za miyendo yawo, maso akuyeza pabalaza. Analemba kuti "Amen", kenaka anandiimbira foni. "Achimwene, kodi mankhwala amenewa amagwiradi ntchito?" Mawu ake ankanjenjemera ngati walandira uthenga wa maliro.

Ine ndinayamba ndi masamu. Tinene kuti munthu walimbikira ntchito mpaka zaka 65. Zikumutsalira zaka 904 zodya penshoni. Malume anagwirapo mapaundi ali mnyamata, anaona kwacha ikubwera mu 1968, anakhalapo miliyoneya pamodzi ndi tonsefe, kenaka mu 2013 maziro atatu anachotsedwa, iwo n'kudzuka ali munthu wamba. Zonsezi m'moyo umodzi waufupi. Nanga pa zaka 904 adzachotsa maziro angati? Ndinawafunsa. Anandiyankha kuti ana alipo, adzawasamala. Msuweni uja anatuluka pa gulu, n'kubweranso madzulo ati chala chinaterereka.

Koma chimene chikundisowetsa tulo si penshoni. Ndi Lusaka wopanda maliro. Kodi abale athu a ku Kabulonga tingamawaonere kuti? Ukapita kwawo umapeza mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba, ndi mlonda wokuuza kuti abwana achoka, galimoto yawo ukuiona pa kabowo ka geti. Koma wina angomwalira, ndi awo atulukira: magalasi akuda, thumba la ufa la 25 kg, thumba la malasha, galimoto ataimika pomwe aliyense aione. Amakhala pa mpando wa sofa umene tautulutsa panja, n'kumawotha moto nafe ngati anthu. Amakufunsa dzina kachitatu, inde, koma afunsa. Imfa ikatha, ubale umenewu watha.

Nanga azakhali a ku Woodlands, amene ali ndi sutikesi yodzaza zitenje zofanana ndi za anzawo, chilichonse cha maliro ake? Nanga mnzanga wa ku ofesi amene waika agogo ake aakazi kanayi, nthawi zonse Lachisanu? Ndiye taganizani za mwini nyumba wosafa, akugogoda pa 1 mwezi uliwonse mpaka muyaya. Taganizani za wakaloba wosafa, ndi inu wokongola wosafa, chiwongoladzanja chikuberekana ngati mbewa m'nkhokwe. Ku ofesi ndiye kuli anthu amene akhala akugwirizira mpando zaka zambiri, akudikira kuti wamkulu asunthe. Amenewo musawauze za botololi, angakomoke.

Ndinayesa kuwakumbutsa malume kuti ngakhale a Kaunda, amene analeka nyama kalekale n'kumadya zamasamba, anafika zaka 97 n'kupita mu 2021. Ali gone ku Embassy Park pamodzi ndi a Mwanawasa, a Chiluba, a Sata ndi a Rupiah Banda. Malume anangopukusa mutu. "Amenewo sankakwera basi pa Kulima Tower. Akanalipeza kuti botolo?"

Loweruka tinapita ku Leopards Hill kukaika mnzawo wakale wa malume. Dzuwa linali phwee. Woyankhulira banja anaima n'kunena kuti malemuwo anali munthu wamtendere, wopatsa, wosadziwa ngongole. Malume anandikodola. "Mphwanga, uyu wapita ndi K300 yanga." Koma pamene matamando ankapitirira, nkhata za maluwa zikuunjikana, mayina a oika nkhata akuitanidwa mmodzimmodzi, ndinaona nkhope yawo ikusintha. Sichinali chisoni. Inali nsanje yeniyeni. Munthu amene ali moyo sankapatsidwa ngakhale moni wabwino pa bawa, lero akumutchula mzati wa mpingo.

Tikutuluka, mayi wina wa Chibemba, neba wawo, anawathira pawuda kumutu monga mwa chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala pakati pa mitundu, mbale ya ndalama ili m'manja. "Imwe odya mbewa, ndamva ati simudzafa? Pawuda wanu ndinagula kale, musandiwonongetse ndalama!" Malume anaponyamo K5, osamubwezera zoti ndi wodya anyani monga amachitira masiku onse.

M'basi pobwerera anakhala chete mpaka tinadutsa Woodlands. Kenaka anandiyandikira. "Iwe, tsiku langalo, ukanati uyankhule, ukananena zotani?" Ndinati ndikananena kuti anali munthu wopatsa. Anamwetulira, n'kundiuza kuti ndiwonjezerepo zakuti ankaimba bwino kwaya. Titafika pa siteji ya Kabwata anandipempha K150. Ndinafunsa ngati botolo latha. Ayi, akuti mwezi uno sanalipire inshuwalansi ya maliro, ndipo safuna bokosi lotchipa, a ku Kabulonga angaseke.