Kalata Yochokera ku Joni Yofotokoza Nkhondo ya Asuweni Awiri

Mayfair, Johannesburg

Kwa a Malume olemekezeka,

Kalata ino yalembedwa ndi mwana wa mlongo wawo amene ali ku Joni, ndipo cholinga chake ndi kuwongola mphekesera imene yafika kumudzi yoti iyeyu ndi msuweni wake wa ku Woolwich ali pa nkhondo. Nkhondoyo ilipodi, koma ikumenyedwera m'kompyuta, kotero palibe chifukwa chokatulira nkhaniyi kwa a nyakwawa.

Masewera amene abweretsa chisokonezowa amatchedwa Civilization IV, ndipo anatuluka mu 2005 kuchokera ku kampani ya Firaxis. Wosewera aliyense amapatsidwa mtundu wa anthu woti aulamulire kuyambira chaka cha 4000 Yesu asanabadwe mpaka 2050, namanga mizinda, kulima minda, kuphunzitsa asilikali ndi kupangana ubale ndi mafumu ena. Masewerawa ali m'gulu la masewera olandizana, ndiko kunena kuti wina akamayendetsa zake mnzake amadikira, monga zimakhalira pa bawo, kungoti pa bawo wochedwa kutakata amakhala pafupi moti nkumukodola, pamene pano wochedwayo ali kutsidya kwa nyanja. Wosewera akamaliza mbali yake, kompyuta imasunga zonse m'fayilo, fayiloyo imatumizidwa pa imelo, ndipo dziko lonse limaima chilili mpaka wolandirayo ataitsegula. Kusewera motalikirana chotere si kwachilendo, popeza kale anthu ankasewera tchesi potumizirana makalata a papositi, ngakhale kuti mabuku sanena ngati iwonso anali ndi asuweni aulesi.

A Malume ayenera kudziwa za malo amene mwana wawo akukhala, chifukwa ndiwo amusokoneza mutu. Woolwich ili m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kum'mwera chakum'mawa kwa London, ndipo inatchuka ndi Royal Arsenal, malo amene ankapangirako mizinga ndi zipolopolo za asilikali a Britain. Antchito a kumeneko ndiwo anayambitsa timu ya mpira ya Arsenal mu 1886, isanasamukire ku Highbury mu 1913. Chifukwa chodutsa tsiku ndi tsiku pafupi ndi mizinga yakale yomwe inasiya kulira kalekale, msuweniyo wadziona ngati mkulu wa asilikali, ndipo m'masewerawa anasankha kukhala Mfumukazi Victoria, chinthu chimene wolemba kalatayi sakufuna kuchithirira ndemanga pamaso pa akuluakulu.

Wa ku Joni anasankha Shaka ndi Azulu, amene anawonjezedwa m'masewerawa mu 2006 pamodzi ndi ankhondo awo otchedwa impi. Mbiri ili kumbali yake. Ku Woolwich komweko kunali sukulu ya asilikali ya Royal Military Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1741, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake anali Louis Napoléon, mwana wa mfumu Napoléon III ya ku France. Mnyamatayu anatsatira asilikali a Britain ku dziko la Azulu, ndipo anaphedwa kumeneko pa 1 Juni 1879, patangopita miyezi yochepa Azulu atagonjetsa Angerezi ku Isandlwana. Mfundo imeneyi inatumizidwa kwa msuweniyo mwaulemu wonse, koma yankho lake linali chithunzi cha mbale ya nsima ndi nsomba.

Vuto lenileni ndi kuchedwa. Kumayambiriro kwa masewerawa kuyenda kumodzi kumayimira zaka 40, ndipo zikuoneka kuti msuweniyo anamva ngati zakazo ndi zimene wapatsidwa kuti aganize. Poyamba ankanamizira kusiyana kwa nthawi, chonsecho London imatsalira m'mbuyo mwa Johannesburg ndi Lilongwe ndi maola awiri okha, ndipo kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala limakhala ola limodzi. Kenako ankati amatopa ndi ulendo wa kuntchito, pamene aliyense akudziwa kuti sitima ya Elizabeth line inayamba kuima pa Woolwich mu 2022. Wa ku Joni akachedwa zifukwa zimakhala zomveka, monga kuzima kwa magetsi, kutha kwa bandulo, ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi amene amabwereka laputopu kuti aonere mpira. Agogo amene anapita ku migodi pa Wenela ankayankha makalata msanga kuposa munthu amene ali ndi intaneti m'thumba.

Palinso chokayikitsa china. Munthu wosakhulupirika angathe kutsegula fayilo, kumenya nkhondo, ndipo akagonja nkuitsegulanso kuti ayesenso mwayi. Wolemba kalatayi sakuloza munthu chala, koma n'zodabwitsa kuti asilikali a Mfumukazi sanagonjepo ngakhale pamene anali atatu okha.

Pempho ndi lakuti a Malume akamayankhula ndi mwana wawo Lamulungu likubwerali amuuze kuti atsegule imelo, chifukwa impi zaima pa chipata cha London zikungodya chakudya cha boma. Bulangete limene a Malume anapempha lidzakwera basi pa Park Station mwezi ukatha, ndipo za feteleza zikuganiziridwa mozama. Moni apite kwa onse pakhomopo.

Mwana wa mlongo wawo,
ku Joni